Mwendo Wozizira wa Dama

Hunde analakwira mng'ono wake Galana chaka chimene chisanu chinawaula balere wa kumtunda kwa Burkitu, nthawi yopuntha, mpikisano wa akavalo uli pafupi. Sanamulande munda, sanamunyengere mkazi. Anamulakwira pa mwendo wa kavalo, wakutsogolo, wa kumanzere.

Kavaloyo dzina lake anali Dama, wofiira ngati katondo, wa banga loyera pamphumi. Galana anamupeza posinthanitsa ndi ng'ombe yake yolimira, ali kanthu kowonda kooneka nthiti, ndipo anthu anaseka. Kavalo atadzaza thupi, oseka omwewo ndi amene anayamba kumuitana Galana kuti Bambo a Dama. Kwathu kuno ndi momwemo. Mwamuna wa kavalo wabwino amaitanidwa ndi dzina la kavalo wake, la kwa amake limatsalira m'nyumba. Hunde naye anakhalapo Bambo a Bora zaka zambiri, mpaka tsiku lina kavalo wake Bora anatupa mimba nkufera pakhomo. Kuyambira pamenepo anabwerera kukhala Hunde, Hunde basi, ngati mwana wotumidwa kukatunga madzi. Imvi zinali zitamera, koma dzina linali la ubwana.

Mvula italeka, Galana anayamba kukonzekeretsa Dama mpikisano. Mpikisano wake si wa m'tauni ayi, ndi wa midzi yathu yomwe ino. Akavalo amanyamukira kuseri kwa msika, kudutsa m'ziputu za balere, kuwoloka mtsinje, kukwera phiri mpaka pa mkungudza waukulu, kutsika, kulumpha chigwembe chimene madzi anakumba, nkubwerera. Wopambana amalandira nsalu yofiira yoyala pansi pa chishalo, ndipo akazi amamuimba dzina mpaka chaka chinacho. Ndi zokhazo. Koma alipo amuna amene anasiya kupatsana moni chifukwa cha nsalu imeneyo.

Anzake onse ankadziwa njira imodzi, kukwera ndi kukwapula. Galana poyamba sankakwera nkomwe. Ankamugwira Dama ndi chingwe, iye pansi, kavalo pambali, ulendo wa kumsika ndi kubwerera, mmawa uliwonse.

"Bambo a Dama," anatero Bultum tsiku lina, mkulu wa ndevu zopaka zofiira amene anatengapo nsalu ija kangapo, "tiuzeni bwinobwino. Munagula kavalo, kapena mwakwatira mkazi wachiwiri woti muzimuperekeza kumsika?"

Amuna amene ankamwa khofi pakhonde la golosale anaseka.

"Kuthamanga sikufika, a Bultum," anayankha Galana osaima. "Mtima wa kavalo umakhwima msanga. Miyendo ndiyo imachedwa."

"Ndiye mukamaliza mumubereke kumsana, asatope."

Miyendo itazolowera, Galana anayamba kukwera, koma liwiro lenileni ankamumana. Ankamukweza phiri ndi kaliwiro kakang'ono, akafika pa mkungudza nkutsika pa chishalo, nkuyang'ana mphuno ndi nthiti kuti aone ngati wefuwefu akutha msanga. Pobwerera ankadzera kumtsinje ndi kuchigwembe, malo opapatiza poyamba, kenako otambalala. Tsiku limene kavalo sanagwire ntchito, balere ankamuchepetsera. Ndipo mmawa uliwonse, asanamwe ngakhale khofi, ankawerama nkutsetsereza dzanja pa mwendo uliwonse kuchokera pabondo mpaka pa chiboda.

"Mwendo wa kavalo uzizizira ngati mwala wa mumtsinje, achimwene," ankatero kwa Hunde. "Ukafunda, pali mlandu. Kavalo sanena, koma dzanja silinama."

Hunde ankangoti, "Ee," koma mumtima zinkamuwawa. Iye ndiye anaphunzitsa mwanayu kukhala pa chishalo.

Kupuntha kutayamba, mkazi wa Galana, Lalise, anadwala. Anali ndi pakati, miyendo inatupa, ndipo achipatala chaching'ono anati apite naye kuchipatala chachikulu ku Asela akadikirire komweko. Galana anabwera ndi Dama kwa mkulu wake, pamodzi ndi thumba la balere ndi chishalo. Nyumba ya Hunde inali kumapeto kwa mudzi, mphepete mwa mtsinje.

"Ndilibe wina woti ndimusiyire, achimwene. Phiri mmawa uliwonse, pang'onopang'ono. Akapanda kuyenda, balere theka. Chimodzi chokha ndikupempha, musamuthamangitse pouma."

"Iwe Galana, ndinayamba kukwera kavalo iwe ukuyamwa. Pita ukasamale mkazi wako."

Masiku oyamba Hunde anachita zonse monga anauzidwira. Kenako kunabwera ukwati ku Dalota, kuseri kwa phiri, kwawo kwa mkazi wake Obse. Mwana wa mlongo wake wa Obse ankakwatira, ndipo amuna a kuchimuna ankayenera kukatenga mkwatibwi atakwera akavalo. Hunde anali atabwereka nyulu ya mnansi wake, yokalamba, ya khutu limodzi logwa.

Obse anaiyang'ana nyuluyo nkufulatira. "Abale anga onse adzakhala pa akavalo, inu pa chimenechi. Bola mungotsala."

Hunde anayang'ana m'khola. Dama anali kupukusa mutu, thupi lonse likunyezimira. Anadziuza kuti ulendo wa ku Dalota ndi phiri lomwelo limene kavalo amayenera kukwera. Angoyenda, sathamanga.

Anayendadi popita. Koma pobwera ndi mkwatibwi, mowa wa uchi uli m'mitu, anyamata anayamba kupikisana pa msewu watsopano umene anathirapo miyala yophwanya. Munthu wina wa ku Dalota, dzina lake Roba, anayandikitsa kavalo wake.

"Akulu, kavalo ngati ameneyu mukumuyendetsa ngati wapita kumaliro? Dzina lake ndani?"

"Dama."

Roba anatembenukira kwa akazi amene ankaimba pambuyo. "Amayi, muimbireni Bambo a Dama, mwina magazi angawire."

Akazi anaimba, nthungululu zinalira. Hunde sanawakonze. Dzinalo linamulowa ngati khofi wa mmawa wachisanu, ndipo zidendene zake zinagunda zokha. Dama anauluka. Anasiya anyamata onse pa fumbi, ziboda zikuthetheka moto pa miyala. Anati abwereze, anabwereza. Anati kachitatu, Hunde sanakane. Tsiku limenelo anamukhazika pa chikopa cha akuluakulu, ndipo nyama yonona inayambira kwa iye.

Pobwerera kwawo mawa lake, ali pakati pa phiri, anaona kuti Dama akutukula mutu nthawi iliyonse mwendo wakumanzere ukaponda pansi. Anatsika, nkumukoka ndi chingwe njira yonse, ngati mmene Galana ankachitira. Atafika anawerama nkugwira. Kuseri kwa fupa, pansi pa bondo, mtsempha unali utatupa, wotentha ngati mbaula.

Obse anaima pakhomo la khola. Anangomuyang'ana, ndipo Hunde akanakonda akanamutukwana.

Anamata mwendowo matope a mumtsinje, kenako batala, nkumutsekera Dama m'khola. Kavalo wa mtsempha wotere amafuna miyezi yopuma, ndipo Hunde ankadziwa zimenezo kuposa aliyense. Koma ankati akalowa m'kholamo, Dama nkumununkhiza m'manja, ankathira balere wodzaza chibakuwa, nkuwonjezerapo kamchere. Thumba la Galana litatha anatsegula lake.

"Mukudyetsa kavalo kapena mukudyetsa manyazi anu?" anafunsa Obse.

"Akufunika mphamvu kuti apole."

"Mwini wake anati theka."

"Mwini wake ali ku Asela."

Foni kwathu kuno imagwira pamwamba pa phiri pokha, pa mkungudza pomwepo. Choncho Hunde ankakwera phirilo yekha, wapansi, kukalankhula ndi mng'ono wake, kavalo ali m'khola.

"Lalise wachira, achimwene," anatero Galana tsiku lina. "Mwana wamkazi. Anachita kumung'amba, ndiye atisunga pang'ono. Ndikumva mphepo kumeneko, muli pa mkungudza eti? Dama muli naye?"

Hunde anayang'ana udzu wouma pamene kavalo akanaima. "Ali pompano."

"Tamuikani foni pamphuno, ndimve mmene akupumira."

Hunde anatambasula dzanja, nkuloza foniyo kumphepo. Anaigwira choncho kanthawi, yekhayekha pamwamba pa phiri, munthu wa imvi. Kenako anaibweza kukhutu.

"Sindikumva kalikonse," anatero Galana.

"Wapuma kale. Wefuwefu wamuthera tisanafike nkomwe."

Galana anaseka ndi chimwemwe. "Ndiye wakhwima ameneyo. Mulungu akudalitseni, achimwene. A Bultum chaka chino ayala chiguduli."

Hunde anatsika phirilo. Tsiku limenelo sanadye.

Kupuma kunathandiza ndithu. Chotupa chinaphwa, Dama anayamba kuponda bwino poyenda pabwalo, ndipo balere anamudzaza mpaka msana unagawika pakati. Aliyense womuona akanati kavalo ndi ameneyu. Anthu amakhulupirira chonona. Koma mmawa uliwonse Hunde akagwira, kamoto kanali kadakalipo, kakang'ono, kobisala pansi pa ubweya.

Galana anabwera ndi banja lake mpikisano utatsala pang'ono kwambiri. Kunyumba kwake kunadzaza akazi ophika phala la balere la batala la mayi wochira, utsi ndi phokoso mpaka kuchipinda chimene kavalo amagona. Anatumiza mawu akuti Dama akhalebe kwa mkulu wake, iye abwera mmawa kudzamuona.

Hunde anadzuka kukucha, udzu uli mbuu ndi chisanu. Anamasula Dama nkutsika naye kumtsinje. Anamuimika m'madzi ofika m'mabondo, madzi oti munthu akaviika chala chimachita dzanzi. Iye anaima pamwala atagwira chingwe, mano akugundana, mpaka dzuwa linatulukira pamwamba pa phiri. Kenako anamutulutsa, nkupukuta miyendo yonse inayi ndi mapesi mpaka ubweya unauma.

Chimene anachita ku Dalota chinali cha mowa ndi nyimbo. Ichi anachichita mutu uli bwinobwino.

Galana anafika atanyamula kaphukusi m'khwapa. Anapatsa moni mlamu wake, anakumbatira mkulu wake, kenako anapita kwa kavalo. Dama analira, nkumugunda pachifuwa ndi mphuno.

"Mwamunenepetsatu, achimwene."

"Amadya ngati mwini wake."

Galana anawerama. Dzanja linatsetsereka pa mwendo wakumanja, pa yakumbuyo iwiri, kenako wakumanzere. Pansi pa bondo zala zinaima. Zinabwerera mmwamba, nkutsikanso.

"Apa pakukhala ngati pakhuthala."

Hunde anamva mawu akukwera kuchokera m'mimba. Anali atafika pa lilime. Obse anali ataima pakhomo ndi mphika wa khofi, maso ali pa iye.

"Anadzigunda pa mtengo wa khola," anatero Hunde. "Kalekale. Kodi pakutentha?"

Galana anagwiranso, nthawi yaitali, maso atatsinzina. "Ayi. Pozizira ngati mwala." Anaweramuka nkupumira mmwamba. "Ndinkaopa, achimwene. Kuchipatala kuja ndinkalota akutsimphina."

Anamasula kaphukusi kaja. Munali gabi, chofunda choyera cha thonje, chochindikala, cha mizere yobiriwira m'mphepete. Anamufunditsa mkulu wake pamapewa ndi manja ake.

"Mwakhala mukukwera phiri m'chisanu chifukwa cha ine. Ndinalibe china choti ndingakupatseni."

Munthu amene wakufunditsa sungamuuze kuti wamupha. Hunde anathokoza.

Galana ankafuna kumuyesa kavalo paphiri tsiku lomwelo, koma Hunde anati amusiye asunge mphamvu, ndipo akazi anali akumuitana kale kuti akaphe nkhosa ya alendo. Atapita, Obse anaika mphika pansi.

"Muuzeni. Mpikisano umabwera chaka ndi chaka. Mwendo subweranso."

"Mwina wapola. Waona wekha akuponda bwino. Ndikanena, kavalo nkukhala ali bwinobwino, ndiye kuti ndadzivula pagulu pachabe."

"Ngati wapola, kumtsinje mumakatani?"

Hunde anakwiya. "Kamuuze iweyo. Ukamuuzenso amene anati nyulu ndi yochititsa manyazi. Ukwati unali wa kwa yani?"

Obse anatola mphika wake. "Khoswe akakhala pamkhate sapheka," anatero motsitsa, ndipo sizinadziwike ngati akunena mwamuna wake kapena akudzinena yekha.

Mmawa wa mpikisano Hunde anapitanso kumtsinje. Galana anagwiranso miyendo, nkumanga chishalo.

Kuseri kwa msika kunali anthu a midzi yonse, akavalo atavala mikanda ndi zingwe zofiira. Abale awiriwo ali chiimire pambali pa Dama, munthu wina anatulukira m'gulu atatambasula manja. Anali Roba wa ku Dalota.

"Bambo a Dama, lero ndiye tiona zija tinaona pa msewu wathu."

Ankayang'ana Hunde. Galana anatembenuka.

"Pa msewu uti?"

Hunde anamugwira Roba pamkono mwamphamvu. "Bambo a Dama ndi awa, mng'ono wanga. Awa ndi a kwawo kwa Obse, Galana. Ndinawasimbira za kavalo wako pa ukwati, ndiye asokoneza. Tiyeni mukapatse moni alongo anu, ali uko." Anamukokera m'gulu.

"Koma si inu amene..."

Hunde anamudula mawu. "Akulu, lero ndi tsiku la mwanayu. Musamulande."

Roba anamuyang'ana, anayang'ana gabi watsopano uja, nkukweza mapewa. Za eni zinalibe phindu kwa iye. Galana anali atakwera kale, akuseka ndi Bultum, amene ankamufunsa ngati mkazi wachiwiri uja lero alola kukweredwa.

Hunde anapita kukaima pa chigwembe. Mumtima ankati ngati kavalo angadutse pamenepo, ndiye kuti nkhani yatha, adzaiulula yekha tsiku lina akuseka. Anamulonjeza Mulungu nkhosa.

Mkulu wa mpikisano anagwetsa nsalu, akavalo ananyamuka. M'ziputu Dama anatsogola. Pa mtsinje anatsogola. Koma pokwera phiri, phiri lake lomwe, thovu loyera linayamba kutuluka m'khosi ndi pansi pa chishalo, ndipo Hunde ali patali anaona nthiti zikupopa ngati mvukuto. Kavalo wa Bultum anamupeza pa mkungudza. Anatsika ali phewa ndi phewa. Galana sanakwapule, anangowerama nkumulankhula kukhutu, ndipo Dama, chifukwa anali kavalo wa mtima, anapereka zimene analibe.

Analumpha chigwembe bwinobwino. Anatera ndi mwendo wakumanzere.

Hunde anamva mtsempha ukulira, ngati chingwe cha chikopa chikaduka. Kavalo anagwa chamutu, Galana anaponyedwa kutsogolo nkugwera phewa. Akavalo ena anadutsa, fumbi linakwera, ndipo kumsika kuja nthungululu zinayamba kulirira Bultum.

Dama anadzuka yekha, nkuima ndi miyendo itatu. Wachinayi unkalendewera, mfundo ya pamwamba pa chiboda itagwera pansi. Galana anakwawa, dzanja limodzi lili lende, nkugwira ndi linalo. Anakhala chigwirire.

"Ukutentha," anatero. "Mmawa unali wozizira. Ndinaugwira ndekha." Anatembenuza dzanja lake nkuliyang'ana m'kati, ngati chinthu chimene watola panjira.

Hunde anali atagwira chingwe cha kavalo. Anthu anasonkhana. Bultum anabwera nsalu yofiira ili paphewa, nkutsika, nkuyang'ana mwendowo. Sanaseke, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa kuseka.

"Tinkakuuza, mwana iwe. Kavalo si bulu woti azikwera phiri tsiku ndi tsiku. Unamudya miyendo pang'onopang'ono, lero wangomaliza. Taona mmene mkulu wako anamusamalira, thupi lonseli. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo."

"Ndi zoona," anatero wina. "Nzeru zobwera nazo."

Onse anavomereza, pakuti anthu amakonda kuti amene anachita zosiyana nawo agwe. Galana anakweza maso kwa mkulu wake, osati momufunsa, koma ngati mwana amene akufuna wina amunenere. Hunde anayang'ana pansi pa chigwembe. Roba anali ataima kumbuyo kwa gulu, ndipo maso awo atakumana, Roba anatembenuka nkupita kukamasula kavalo wake.

Dama sanafe. Galana anamumanga mwendo ndi timitengo ndi chikopa, nkumugoneka pa mapesi mpaka mvula inabwera ndi kupita. Anapola mopotoka. Tsopano amasenza mapesi ndi zigubu za madzi, akutukula mutu pa phazi lililonse. Phewa la Galana nalo linapola mokwera, moti pomanga goli amachita kuitana mkazi wake. Ng'ombe yolimira ija sinabwerere, amalima ndi yobwereka anzake akamaliza. Pakhonde la golosale anayamba kumuitana Bambo a Tsimphina, kenako anatopa nazo, nkubwerera ku Galana.

Nkhosa imene analonjeza Mulungu, Hunde sanaiphe, poti kavalo sanadutse. Kumtsinje anasiya kupita. Ng'ombe zake amamwetsa Obse.

Mvula italekanso, Lalise anaitana a kwa mlamu wake kudzamwa khofi, mwana atayamba kukwawa. Hunde anafunda gabi uja, chifukwa akanapita wopanda iye akanafunsidwa. Anakhala pa chikopa pafupi ndi moto. Lalise anakazinga khofi, anasinja, anathira kapu yoyamba. Panja panamveka ziboda, zitatu zolimba, chimodzi chokoka.

Mnansi wina anasuzumira pakhomo. Anati kavalo wake akuoneka ngati akuponda moopa, kodi Galana sangapite kukamugwira mwendo?

"Pitani kwa a Bultum," anatero Galana. "Dzanja langa ndi labodza."

Mnansiyo atapita, Lalise anathira kapu yachiwiri.

"Ndakhala ndikufuna kukupepesani, achimwene," anatero Galana, maso ali pa moto. "Munavutika pachabe. Munandisungira kavalo wamoyo, ine nkukamuthyola tsiku limodzi. Ndimaganiza usana wonse kuti ndinalakwitsa pati. Mwina phiri lija linachulukadi. Mwina ndinayamba kumulumphitsa msanga. Inu munakhala naye, munaona. Tandiuzani, ndinalakwitsa pati?"

Obse anaika kapu yake pansi osamwa. Hunde anamva gabi akumulemera pamapewa ngati wanyowa. Anatsegula pakamwa. Mwana anakwawira kwa iye nkugwira mphonje yobiriwira, nkuyamba kuiyamwa.

"Zinalembedwa, mphwanga," anatero Hunde. "Usadzizunze."

Galana anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndinu nokha amene simunandinenepo."

Lalise anathira kapu yachitatu, ya madalitso, imene wamkulu pa onse amayenera kuidalitsa. Onse anatambasula manja. Obse anadzuka nkunena kuti akukaona ng'ombe. Hunde anakweza kapu, nadalitsa nyumba, nadalitsa mwana, nadalitsa munda ndi ziweto za pakhomo, ndipo Galana ankayankha ameni pa dalitso lililonse.

Chaka chimenecho nsalu yofiira anaitenganso Bultum. Galana sanapite kukaonera. Hunde anapita, atafunda gabi.